Mabuku Amene Ndinkatumizira Enelesi

Tsiku limene tinameta maliro a mwamuna wanga ndi lomwe ndinaganiza zopita ku Joni. Achibale ake anali atatenga njinga, wailesi, ngakhale malata amene tinali tisanakhome. Ine anandisiyira mwana wathu Enelesi, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi satifiketi yanga ya Fomu 2. Matipate anali atangobwera kumene, aliyense akuimba kuti zinthu zasintha. Kwa ine chinasintha n'chakuti ndinabwerera kwathu ku Mlonyeni ndi kamtolo pamutu.

Achimwene anga a Gedioni sanandiletse. Anati, "Pita, mlongo wanga. Mwanayu ndi wanga yemwe. Iwe uzingotumiza ya sukulu, ine ndiona kuti akuphunzira." Ndinawakhulupirira. Nanga munthu usakhulupirire wobadwa naye bere limodzi, ukhulupirire ndani? Ndinakwera thiraki ya a Jere, dalaivala amene ankadutsa pa boda ya Mchinji miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Enelesi sanalire. Anangogwira mtengo wa khonde n'kumandiyang'ana.

Ku Joni ndinavutika chaka chathunthu, kuchapa uku, kukolopa uko. Masiku a mu pasipoti anatha, ndipo munthu wopanda mapepala ukatuluka sulowanso, choncho zobwera kudzaona mwana zinathera pomwepo. Kenako ndinapeza ntchito kwa gogo wina wachizungu amene maso ake anali atafa. Nyumba yake inali mabuku okhaokha, mpaka m'bafa. Ndinkamusambitsa, kumuphikira, ndipo masana aliwonse tikatha kudya ndinkakhala naye pakhonde n'kumamuwerengera.

Madamuwo za chikondi sankazifuna. Ankafuna za mizukwa, za anthu opita ku nyenyezi, za maiko amene kulibe. Poyamba ndinkati, abale inu, munthu wa imvi chonchi kumamvera bodza la mkunkhuniza? Ine mayi wopemphera ndizitchula ziwanda ndi pakamwa panga? Koma buku lachitatu linandigwira pakhosi. Linali la mudzi wa m'mapiri kumene akufa ankabwera nthawi yokolola kudzathandiza abale awo. Sankalankhula, sankadya, ankangokolola bwinobwino. Koma pobwerera kumanda, chaka chilichonse ankakhala atawonjezekera ndi mmodzi. Tsiku limenelo mpunga unapserera, madamu akukuwa kuti, "Usiye mpungawo, werenga!" Mpaka lero, munthu atandifunsa buku loopsa loti awerenge, ndingamuuze limenelo. Mulibe magazi ngakhale dontho, koma ukaona munthu ali chete m'munda tsitsi limaima.

Panali lina la anthu okumba madzi oundana pa dziko lakutali lozizira, amene kampani yawo inawaiwala. Chakudya chinkatha, makina olankhula amene ankayendetsa malowo akungowauza m'mawa uliwonse kuti chombo chili m'njira. Limenelo ndinalira nalo. Ndiye panali la telala wamkazi amene ankasoka mitambo pa makina ake a mwendo, mafumu atatu akulimbirana mvula yake. Ilo linali m'magawo asanu, lina linkatalika mopanda pake, koma telalayo ndinkamukonda ngati mnzanga wa pachitsime.

Ndinene zoona, anzanga enieni ndinalibe. Panjira ife obwera ankatitcha makwerekwere, ndipo ukaona galimoto ya apolisi unkalowa m'sitolo ngati ukugula kanthu. Lamulungu ndinkakhala m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba, wopanda wondipatsa moni m'chinenero changa. Kusungulumwa kumapweteka ngati dzino. Anthu a m'mabuku aja ndiwo anasanduka anansi anga.

Buku lililonse tikamaliza, madamu ankandipatsa. Ine ndinkaika ndalama m'envelopu, kuitsekera pakati pa masamba, n'kupatsira a Jere pamodzi ndi kalata ya Enelesi. Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha. Makalatawo ndinkalemba m'Chizungu. Ndinkati mwana azolowere, akadzapita ku sekondale asadzachite chibwibwi ngati ana a kumudzi anzake. Kunyada, basi.

Patapita zaka ziwiri mayankho anayamba kubwera, m'Chizungu chomwecho. Oyamba anali aafupi. Kenako anayamba kutalika, zilembo zoongoka, mawu osalala. Mwana wanga ankatsutsana nane! Ankati telala uja analakwa kugulitsa mvula kwa mfumu yoyamba, ine n'kumayankha kuti akanatani poti ana ake anali ndi njala. Ankati buku la okolola lija lamulepheretsa kudutsa m'munda wa chimanga yekha. Ndinkawawerengera madamu makalatawo, iwo n'kumati, "Mtsikana wakoyu adzakhala loya." Ine mapewa m'mwamba. Ndinkapsompsona mapepala, ndikunena pano ndi manyazi.

Chaka cha njala chija, a Jere anandiuza kuti kumudzi anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi. Ndinawonjezera ndalama. Kalata inabwera ndi mzere umodzi wakuti tonse tili bwino, kenako masamba atatu a za mabuku. Mtima wanga unakhala m'malo. Sindinafunsenso kawiri, mwina chifukwa ndinkaopa yankho.

Madamu anamwalira nditakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri. Ana awo anagulitsa nyumba, ine anandipatsa ya thiransipoti ndi sutikesi yodzaza mabuku. Ndinatsika minibasi pa boma pa Mchinji, wakabaza mmodzi ananyamula ine, wina sutikesi, akudandaula njira yonse kuti mayi mwanyamula njerwa kodi.

A Gedioni anandilandira ndi maso ozemba. Ndinapeza nyumba yawo ili ya malata, ngolo ili pabwalo. Nditafunsa Enelesi, anakanda m'mutu.

"Ali kwawo," anatero.

"Kwawo kuti?"

"Kwa mwamuna wake, kutsidya kwa dambo."

Ndinamupeza m'chigafa akusankha fodya, mwana ali kumsana. Wamtali ngati bambo ake, wowonda, manja akuda ndi utomoni. Anagwada n'kundipatsa moni wa ulemu. Ine ndinangotulutsa m'chikwama gawo lomaliza la telala uja, limene m'makalata ankalilira chaka chonse. Anapukuta manja pa chitenje, analandira ndi manja awiri.

"Zikomo, amayi. Ndikawapatsira a Nyirenda."

"A Nyirenda ndi ndani?"

"Aphunzitsi aja amakuyankhani."

Kalanga ine! Ndinangokhala pa mulu wa fodya.

M'mawa mwake ndinapita kusukulu. Mayi Nyirenda anali mphunzitsi wochokera ku Rumphi, wosakwatiwa, amene boma linamutumiza kuno kopanda mbale wake ndi mmodzi yemwe. M'nyumba mwake mabuku anga onse anali pa shelefu, atakutidwa ndi mapulasitiki a shuga kuopa chiswe. Sanakane kanthu. Anati a Gedioni anabwera ndi makalata anga chifukwa panyumba panalibe wotha kuwawerenga. Enelesi anali atamuchotsa sukulu ali Sitandade 5 kuti azithandiza ku fodya, ndipo ndalama zanga zinkagula feteleza. A Gedioniwo anapempha aphunzitsiwo kuti aziyankha m'dzina la mwana, ine ndisadziwe.

"Kalata yoyamba ndinalemba chifukwa cha chisoni, mayi a Enelesi," anatero. "Zinazo ndinalemba chifukwa ndinkadikira buku. Kuno kulibe amene ndingacheze naye zimenezi. Ndinalakwa, ndikudziwa."

Ndinafuna kumumenya mbama. Dzanja linanyamuka ndithu. Koma ankalankhula ndendende ngati makalata aja, mawu amene ndinawasunga pansi pa pilo zaka zonsezo. Ndinamutukwana, iye akulira. Misozi isanaume anandifunsa chapansipansi ngati telala uja anapulumuka. Ndipo ine, chitsiru, ndinamuyankha. Tinakhala pamenepo mpaka belu la masana likulira, tikukangana za mafumu a bodza.

A Gedioni sindinawatengere kubwalo. Akanandibwezera chiyani? Anangoti, "Mlongo, ukanakhala kuno ukanaona wekha. Sukulu sadya." Ndinawasiya ali chilankhulire.

Kwa Enelesi ndinabwerera ndi funso limodzi. Chichewa ankatha kulemba pang'ono. Ankawaona a Jere akabwera. Analekeranji kunditumizira ngakhale kapepala?

Sanasiye kusankha fodya. Anati, "Poyamba ndinkapita kukamvera, a Nyirenda akundimasulira. Ndinkadikira kuti mwina pena mulemba zoti ndimve ndekha. Kenako ndinaona kuti mwana amene mumacheza nayeyo mukumukonda kwambiri. Wanzeru, wa Chizungu. Ndinaopa kuti mukadziwa kuti ndi ine, mukhumudwa." Anamanga kamtolo ka fodya, n'kuika pambali. "Chaka cha njala ndinawagwadira amalume kuti alembe kuti mubwere. Anakana. Kuno kunali chimanga m'nkhokwe, ndiye ndinabwera kuno."

Ndinamuuza kuti sizinachedwe, ndimulipirira abwerere kusukulu, mwana ndilera ine. Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. Anali ndi pakati pena.

Tsopano ndimagulitsa kaunjika pamsika wa pa boma. Mabuku a m'sutikesi muja palibe amawafuna, kupatula amayi a mandasi amene amandipempha mapepala okulungira, ine n'kumawathamangitsa. Enelesi amabwera kamodzikamodzi ndi nkhuku kapena mtedza. Amagwada, amandifunsa mmene ndadzukira, amakhala pamphasa kutali pang'ono, dzuwa likapendeka amatsanzika. Sanandinyozepo. Amandipatsa ulemu wonse umene munthu amapatsa mlendo.

Loweruka lililonse Mayi Nyirenda amapalasa njinga kubwera pa benchi langa kudzabwereka buku. Sindinamukhululukire, ndipo akudziwa. Koma ndikamuona akutulukira pa ngodya ya msika, ndimasuntha zovala kuti apeze pokhala. Kwathu konse kuno, munthu yekhayo amene amandidziwa ndi amene anandinamiza.