Dokotala Anati Leza, Ine Ndinamva Lezala

Zinayambira pa njinga. Unali mwezi wa Meyi, ndikuchokera kuchigayo ndi thumba la ufa kumbuyo, pamene ndinamva kumaso, kumalo obisika kuja, kukuwotcha ngati ndakhalira tsabola. Ndinatsika n'kuyamba kuikankha njingayo mpaka kwathu ku Nkhulambe. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo kusamba ndinali nditasiya zaka zitatu m'mbuyomo. Ndinaganiza kuti ndi chishalo.

Sichinali chishalo. Pofika Juni kunali kouma, koyabwa, ndipo pokodza ndinkaluma mano. Tikakhalira limodzi ndi abambo a kunyumba, zinkakhala ngati akundipala ndi mchenga, ndipo kawiri ndinaona timagazi pansalu. Ndinayamba kupeza zifukwa. Lero msana, mawa mutu, mkucha ndatopa ndi kukolola. Kenaka ndinayala mphasa yanga pambali. Bamboyo ndi munthu wosayankhulayankhula. Anabwera kwathu kudzakhala chikamwini tili achinyamata, ndipo pa zaka makumi atatu sanandikwezerepo mawu. Sanafunse, inenso sindinanene. Ukanayamba bwanji nkhani yotere, mayi wa zidzukulu?

Amene ndinawauza ndi amayi anzanga awiri a kutchalitchi. Onse anagwirizana kuti ndi mauka, ndipo mankhwala a mauka ndi kudula. Ananditengera kwa mayi wina wa mudzi woyandikana nafe amene amagwira ntchito imeneyo. Lezala ndinagula ndekha pa okala, watsopano, wa m'pepala. Anandigoneka m'kachisakasa kuseri kwa nyumba, awiri aja atandigwira miyendo. Sindinalire. Ndinkangoyang'ana denga la udzu n'kumaona chiswe chikuyenda paphaso. Atatha anapakapo mankhwala akuda n'kundiuza kuti ndisasambe masiku atatu.

Bala linatukusira. Sabata yachitatu mu Julayi ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono, ndikuyenda motang'aza. Linali tsiku la sikelo, ndiye ndinakhala pabenchi kuyambira dzuwa likutuluka mpaka masana, buku la kuchipatala lili m'manja, ana akulira mbali zonse. Namwino amene anandiona anali mayi wamtali wochokera kumpoto. Atandiyang'ana anandifunsa:

"Amayi, wakuchitani izi ndani?"

Sindinamutchule munthuyo. Anatsuka balalo, anandipatsa mapiritsi a masiku asanu ndi awiri, nati ndibwerenso likapola. Nditabwerera anandiyeza magazi, anandiyezanso khansa ya khomo la chiberekero. Zonse zinali bwino. Anandifotokozera kuti mayi akasiya kusamba, khungu la njira ya abambo limapyapyala n'kuuma, ndiye limang'ambika msanga. Anati ameneyu si mauka, ndipo panalibe choti n'kudula. Anandilembera kuti ndikaonane ndi dokotala wa matenda a amayi.

Mwana wanga Agnesi amagulitsa m'sitolo ku Limbe. Mu Seputembala ananditumizira yokwerera basi, n'kunditengera kwa dokotala wotero ku Blantyre. Pakhomo la chipinda ndinamuuza kuti atsale panja. Kwathu mwana samva za kumphasa kwa mayi ake, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndikanatha kuchita mwina. Dokotalayo anali wachinyamata, waulemu, koma Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chingerezi. Atandiyeza anati, "Amayi, izi zili ndi thandizo. Pali mafuta opaka, komanso kwina ena amagwiritsa ntchito leza."

Ine ndinamva lezala.

Zina zonse zimene ananena sizinalowe. Ndinkangoona pakamwa pake pakuyenda. Mumtima ndinati, kodi ndi a sukulu omwe amadula? Ndinapempha kupita kuchimbudzi, ndinatuluka, ndinamukoka Agnesi dzanja. Atandifunsa ndinamuuza kuti adokotala ati ndi ukalamba, ulibe mankhwala. Ndinamunamiza mwana wanga maso ali gwa, ndipo sindinamve kanthu. M'basi yobwerera ndinakhala pawindo, phiri la Mulanje likukula kutsogoloku, mutu wanga uli mbee.

Miyezi inayi yotsatira sindiikumbuka bwino. Ndinkadzuka, kusesa, kutunga madzi, kukhala pansi mopendekeka. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kuti ndizitha kutuluka kukakodza. Abambo anasiya kundiyang'ana kumaso tikamadya. Tsiku lina anangoti, "Ngati ndakukwanani, nenani." Ndinawayankha kuti asandisokose. Mawu amenewo anatuluka okha, ndipo sindinawabweze.

Mu Novembala abambo anamaliza kuunga mizere m'munda mwanga monse, mpaka kumalire. Atatha anatsuka khasu, analiika pamalo pake, anamanga bulangeti ndi malaya pa njinga, napita kwawo ku Nazombe. Ndinaima pakhonde n'kumawaona akutsetsereka. Mvula itagwa ndinadzala ndekha m'mizere yawo ija.

Mu Januwale mkodzo unayamba kutuluka wamagazi, thupi likutentha, ndikunjenjemera. Mchemwali wanga anandikweza pa kabaza. Ndinapeza namwino wamtali yemwe uja. Atandipatsa mankhwala a chikhodzodzo anatsegula buku langa n'kufunsa kuti za ku Blantyre zinatha bwanji. Ndinamuuza kuti ine lezala ayi, kamodzi kanakwana. Anandifunsa kawiri kuti dokotalayo ananena mawu oti chiyani kwenikweni. Ndiyamika kuti sanaseke. Anatembenuza bukulo, analemba mawu awiri kuchikuto, leza ndi lezala, n'kutseka zilembo ziwiri zomaliza ndi chala.

"Awa ndi makina, amayi. Amagwiritsa ntchito kuwala kofunditsa khungu. Mulibe mpeni. Ndiponso inu adokotala anafuna kukuyambitsani ndi mafuta."

Zilembo ziwiri basi. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali.

Kumayambiriro kwa Febuluwale ndinabwerera kwa dokotala uja, ndipo ulendo uno ndinamuuza kuti ayankhule pang'onopang'ono, Chingerezi asiye panja. Anapepesa, ngakhale wothawa ndinali ine. Anati makina a leza ndi osowa kuno, ndi okwera mtengo, ndipo madokotala sanagwirizane onse ngati amathandizadi kuposa njira zina. Atafunsa ngati ndinadwalapo khansa ya m'mawere, n'kumva kuti ayi, anandilembera mafuta obwezeretsa pang'ono zimene thupi linasiya kupanga. Ndinkaika tsiku lililonse kwa masabata awiri, kenaka kawiri pa sabata. Anandiletsa sopo wonunkhira ndi zitsamba zoika kumeneko. Pofika kumapeto kwa Malichi kuwotcha kunali kutatha. Leza amene ndinamuthawa uja sindinamuone n'komwe.

Mu Ogasiti, nditathyola nandolo, ndinabwereka njinga ya mchemwali wanga n'kupalasa mpaka ku Nazombe osatsika panjira. Pakhomo pa abambo ndinapeza mayi wina wachilendo akusesa ngati mwini nyumba, ndipo pachingwe panali malaya abuluu amene ndinawasoka kolala ndekha. Bamboyo anatulutsa mipando iwiri pansi pa mtengo wa mango. Ndinawauza zonse, za kuuma, za magazi, za kudulidwa, za mawu aja. Zimene ndinalephera kunena chaka chathunthu zinatha m'mphindi zochepa. Anakhala atagwira chibwano, kenaka anati, "Mukanandiuza, ndikanakukwezani pa njinga ndekha." Mayi uja anabwera ndi madzi akumwa, anagwada, ndipo ndinamwa.

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimapalasa njinga, mafuta ndimaikabe kawiri pa sabata, ndipo kuchipatala ndimapita pa tsiku limene andilembera. Amayi anzanga amene mwasiya kusamba, mukamva kuuma kapena kuwotcha, makamaka mukaona magazi, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Musalole munthu kukufikitsani lezala kumeneko. Dokotala akanena mawu achilendo, mufunseni abwereze, ngakhale katatu, palibe amene anamangidwapo chifukwa chofunsa. Ndipo amene mumagona naye nyumba imodzi muuzeni, ngakhale manyazi akugwireni.

Mwezi uno anthu ayamba kusosa. Mizere ya chaka chino ndiunga ndekha.