Munkafuna mbali yoyankhula, achimwene

Achimwene, lero ndapeza ana akuyeserera sewero la Pasaka kuseri kwa tchalitchi. Wamtali amuimika pambali ndi mkondo wansungwi. Ndangoima, misozi osatuluka.

Inunso zinali choncho kwathu ku Nsaru, m'ma 1950 muja. Chaka chilichonse munkapempha mbali yoyankhula, aphunzitsi n'kumati, "Thupi limeneli n'la usilikali." Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa munanena sewero lonse pamtima, osaphonya, kenako n'kundifunsa, "Ndakhoza, eti?" Ine ndinangoseka. Chaka chomwecho munapita ku Joni, ndipo chomwe chinabwerako ndi kalata yamaliro. Ndayesa kukumbukira mawu anu m'chigafa muja, koma palibe. Nanenso ndikungokuonani mutaima ndi mkondo.