Nkhosa Zomwe Ndinatsitsa M'phiri

Linali Loweruka lachiwiri la mwezi wa Ogasiti, nthawi itangopitirira 2 koloko masana, pamene ndinaona nkhosa zopanda mbusa. Nthawiyo ndikuikumbukira chifukwa bambo anali atangondibwereka wotchi yawo kuti ndiwadzutse ikakwana 3. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ku England ndinali nditakhalako miyezi isanu ndi iwiri yokha.

Bambo ankaphunzira ku yunivesite ku Leicester, atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize. Mayi ankasamalira okalamba. M'nyumba mwathu munali lamulo limodzi lomwe bambo ankalibwereza ngati pemphero la pachakudya: dziko lino ndi la eni, wapolisi asadzalembe dzina la munthu wa m'nyumba muno m'kabuku kake. Akadzangolemba, tonse tidzakwera ndege, ndipo iwo adzatsikira ku Lilongwe opanda digiri imene anadzera. Ine lamuloli ndinkalisunga pokhala chete. Kusukulu Chingerezi cha ana a ku Leicester chinkandithamangira, ndiye ndinkangogwedeza mutu, mpaka aphunzitsi anafunsa mayi ngati makutu anga ali bwino.

Ulendowo anakonza ndi bambo. Mnzawo wa ku Zambia anawabwereka galimoto, ndipo tinapita kukagona usiku umodzi m'mudzi wina wakale wa ku Derbyshire. Nyumba zake zinali za miyala yakuda, ndipo masitepe a tchalitchi anali atakumbika ndi mapazi a anthu. Tsikulo anthu a m'mudzimo anali ndi mwambo wawo wokongoletsa chitsime. Anamata dongo pachithabwa chachikulu, n'kubayapo timasamba ta maluwa kamodzikamodzi, mpaka panatuluka chithunzi cha Yesu akudalitsa ana. Anati ntchitoyo inawatengera sabata yathunthu. Mapemphero a pachitsimepo, okhala ndi oimba malipenga, anali a 4 koloko, choncho bambo anati tiyambe takwera phiri.

Tinakwera ndi kanjira kodutsa pakati pa mipanda iwiri ya miyala yosanjidwa popanda simenti. Bambo anavala tayi, mayi nsapato zakutchalitchi. Azungu a zikwama kumsana ankatipitirira, mayi n'kumawamvera chisoni kuti anthu akuluakulu chotere akuyenda pansi ngati kwawo kulibe basi. Kumapeto kwa kanjirako kunali geti. Titalidutsa dziko linatseguka: mtunda waukulu wopanda mtengo ndi umodzi womwe, tizitsamba ta maluwa apepo mpaka kumene maso analekeza, mphepo yonunkhira dothi lonyowa ndi ndowe. Ndinakumbukira kwathu. Kunali ngati ku Dedza, kumene ndinaweta mbuzi za amalume zaka zitatu.

Mayi anali otopa ndi ntchito ya sabata yonse, moti atangoyala chitenje anagona. Bambo anaphimba nkhope ndi mapu. Ine ndi mlongo wanga Tadala, wa zaka zisanu ndi zitatu, tinatenga jumbo ya mandasi n'kuzungulira chimwala chomwe chinali pafupi.

Kuseri kwake kunali nkhosa. Zinali mbwee, izi pano, izo kutali uko, zina zopakidwa penti yofiira pamsana, zina yabuluu. Ndinafunafuna mbusa pamwamba pa mwala, m'kachigwa, paliponse pamene mnyamata angabisalire mphepo. Ndinaimba likhweru. Zii. Ndipo chakumadzulo kunayamba kutsika chifunga.

Nkhani yotere ndinkaidziwa. Tsiku lina ku Dedza ndinasiya mbuzi n'kupita kokasewera mpira wachikulunga, chifunga chinatsika, ndipo mbuzi imodzi tinakaipeza mutu wokha. Amalume anandikwapula ndi nthambi ya pichesi moti ndinadya choimirira masiku awiri. Choncho ndinauza Tadala kuti mbusa wa nkhosazi wathawira kumudzi kokamvera malipenga, ndipo madzulo ano afa ndi chikoti. Tadala anafunsa ngati azungu amamenyanso ana. Ndinati pa nkhani ya ziweto palibe mtundu.

Nkhosa si mbuzi, zimenezo ndinaziona msanga. Iliyonse inkafuna kubwerera pomwe ndaichotsa. Ndinathamanga mozungulira, ndikumira m'matope akuda mpaka m'mawondo, ndikuimba malikhweru onse amene ndinkawadziwa, ndikuponya timiyala kutsogolo kwa yothawa, osati pathupi. Koma chomwe chinagwira ntchito ndi mandasi. Nkhosa ina yaikazi yokalamba, yozolowera kupemphetsa kwa anthu oyenda m'phirimo, inanunkhiza jumbo ya Tadala n'kuyamba kumutsatira. Zinazo zinatsatira iyo. Ndinawerenga makumi atatu ndi imodzi.

Pageti panali chikwangwani chopempha aliyense kuti azitseka. Mawu amenewo ndinatha kuwawerenga. Ndinatsegula, nkhosa zonse zinadutsa, ndipo ndinatseka bwinobwino monga anapemphera.

M'kanjira ka mipanda muja munalibe kothawira. Tadala patsogolo, jumbo m'mwamba, akukuwa ndi kuseka nthawi imodzi. Nkhosa pakati, ziboda zili gobedegobede pamiyala. Ine pambuyo ndi kamtengo, ndikuimba nyimbo ya kubusa mokweza, koyamba chifikireni m'dziko lino. Azungu awiri anakwera pampanda kutipatsa njira, mmodzi n'kutijambula. Ndinawakwezera dzanja ngati nduna ya boma. Za wotchi ndinali nditaiwaliratu.

Ndinkaganiza kuti tikafika m'mudzi nkhosa zikhotera zokha kukhola lawo, monga zimachitira mbuzi. Koma mandasi anatha, ndipo kanjirako kanatilavulira pabwalo penipeni, wansembe atangotsegula buku. Oimba malipenga anasokonekera, lipenga lalikulu linalira ngati ng'ombe. Nkhosa zina zinalowa pansi pa tebulo la makeke n'kutuluka zitafunda nsalu. Amayi a zipewa ankazithamangitsa ndi maambulera, galu wa munthu wina anadula chingwe, ana a m'mudzimo ankagubuduka ndi phwete. Yokalamba ija sinataye nthawi. Inalunjika pa chithunzi cha maluwa n'kuyamba kudya, zinzake zinayi n'kubwera kudzaithandiza. Pamene ankazichotsa, Yesu anali bwinobwino chifukwa anali pamwamba, koma ana onse analibe miyendo.

Ndinaseka nawo mpaka pamene ndinaona wapolisi akutulutsa kabuku m'thumba la pachifuwa. Nthawi yomweyo bambo anatulukira m'kanjira kaja, tayi ili paphewa, mayi pambuyo atanyamula nsapato m'manja. Bambo anayang'ana nkhosa, anayang'ana matope anga, anayang'ana kabukuko. Sanakalipe. Anangoti chapansipansi, "Iwe Yamikani, watipha."

Wapolisi anafunsa dzina, bambo n'kuyamba kulitchula chilembo chimodzichimodzi. Asanamalize panabwera mayi wina wachikulire, wamfupi, atavala magambutsi pansi pa diresi la maluwa. Nkhosa za penti yofiira zinali zake. Anaziwerenga ndi chala, anatukula phazi la imodzi, kenako anafunsa kuti galu amene wazitsitsa ali kuti. Bambo anati galu tilibe. Mayiyo anati n'zosatheka, chifukwa iye zimamutengera agalu awiri, mwamuna wake ndi theka la tsiku. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa chifukwa chomwe ndachitira zimenezi.

Ndinafuna kukhala chete monga mwa masiku onse. Koma ndinakumbukira nthambi ya pichesi, ndipo Chingerezi cha miyezi isanu ndi iwiri chinatuluka chonse, chokhotakhota.

"Chonde mayi, mnyamata wanu musamumenye. Nkhosa zonse zilipo. Chifunga chimabwera."

"Mnyamata uti?"

"Mbusa wanu."

Mayiyo anakhala m'mphepete mwa chitsime n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Atapuma anafotokoza kuti m'phirimo mulibe mbusa. Nkhosa iliyonse imadziwa dera lake, inaphunzira kwa mayi wake, ndipo zimagona komweko kaya kuli mvula kaya chifunga. Mayi anga anafunsa za afisi, bambo n'kuwagwira mkono.

Kenako mayiyo anauza wapolisi kuti palibe nkhosa yasowa ndipo mwini wake sakudandaula. Za penti yabuluu zinali za mlamu wake, ndipo mayiyo anati ameneyo athana naye yekha. Chilango anati apereka ndi iye: 6 koloko m'mawa ndikhale pageti la pafamu pake, chifukwa wotsitsa nkhosa ndi yemwe azikweze. Wansembe anati miyendo ya ana ingabwererepo ngati papezeka manja. Mayi anga, amene anakula akuzira nyumba ndi dongo, anali atagwada kale pachithabwapo, chitenje m'chiuno, akusalaza momwe munadutsa malilime. Wapolisi anayang'ana wansembe, anayang'ana nkhosa, ndipo kabuku kanabwerera m'thumba dzina lathu lili theka.

Bambo anamaliza maphunziro awo. Digiri yawo ikadali pakhoma kwa mayi ku Evington, ku Leicester konko, ngakhale eni ake anatisiya. Ine ndimakhala chapafupi, ku Wigston, ndimayendetsa basi, ndipo chaka chilichonse ndimapita ndi ana anga kumudzi uja. Njira za m'phirimo tsopano zimaoneka pa foni, sitolo ya m'mudzimo inasanduka malo omwera khofi, ndipo mayi wa magambutsi anagona kuseri kwa tchalitchi kalekale. Ana anga sanagwirepo mbuzi, chikoti amangochimva kwa ine, ndipo ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi. Koma tikafika pageti lija wamng'ono amandigwira malaya n'kunena mawu amene amawatchula bwino kuposa ena onse: "Adadi, zisiyeni."

M'mawa mwake mwa tsiku la nkhosa lija ndinadzuka 5 koloko. Ndinapeza bambo atadzuka kale, atamanga tayi. Tinayenda mpaka pafamupo. Mayiyo anandipatsa magambutsi aakulu ndi chibenthu cha buledi, analamula agalu ake kuti agone pansi, n'kupinda manja kuti aone. Ndinaimba likhweru, ndinakweza buledi, ndipo yokalamba ija inatukula mutu. Bambo, amene anakulira m'tauni ndipo anali asanawetepo chiweto chibadwire, anatola kamtengo n'kundiyang'ana.

"Ndiime pati?" anafunsa.

Ndinawalozera kumbuyo, chakumanzere, ndipo tinayamba kukwera.