Filimu ya pansi pa nyanja imene sitinaimalize

Bambo a Tadala, dzulo mdzukulu wanu amaonera filimu pa foni, anthu atatsekeredwa m'chombo pansi pa nyanja, chilombo chikugogoda kunja. Nditangomva phokoso la madzi lija ndinakhala pansi. Ndinakumbuka Lamulungu lija tisanakwatirane, titatuluka Misa ku Guilleme, munandikweza pa njinga mpaka pa boma kuti ndikaonere vidiyo koyamba. Chilombo chitatulukira ndinakuwa n'kukufinyani dzanja, anthu n'kumatiseka. Kenaka jenereta inazima filimu isanathe, ndipo panja panabuka mkangano. Bambo wina wogula fodya anati zonsezo n'zoona, azungu ali ndi midzi pansi pa madzi. Mayi wina wa ku Chipata wogulitsa zitenje anati, "Ni boza chabe, chija ni chidole!" Ife tinakwera njinga n'kuyamba ulendo wobwerera. Tili m'njira, inu munati, "Ine chilombo sichinandiopse. Wandimvetsa chisoni ndi munthu uja watsala yekha m'chombo, akuitana anzake pa wayilesi koma osamuyankha."

Ndinakusekani kuti munthu wamkulu mukudandaulira munthu wa m'filimu. Zaka zonse za banja lathu tinkatsutsanabe, inu mukuti anapulumuka, ine ndikuti anamira. Dzulo ndinafuna kumupempha mwanayo kuti andionetse mathero, mwina ndi yomwe ija. Koma ndinangomusiya, ndinalowa m'nyumba. Ndikanadziwa amene ankanena zoona, ndikanakauza ndani? Ndakusowani kwambiri, bambo a Tadala.