Tchizi Amene Ndinayanika Padzuwa

Lemba, Tadala mdzukulu wanga, koma bambo ako asaone.

Chaka chija London inatentha ngati Nsanje, bambo ako ankayendetsa vani ya alimi a tchizi, uja wodziwika ndi dzina la mudzi wawo, woti wina sangapange. Poopa kutentha, alimiwo anagwirizana zonyamulira pamodzi m'vani ya firiji. Tsiku lina vani inafera kuno ku Barking, bambo ako n'kusungiza katoni ya tchizi m'firiji yathu.

Ine kutsegula katoni, fungo! Chuku chobiriwira mpaka m'kati! Ndinkadziwa ine kuti chukucho n'chimene azungu amafuna? Ndinakayanika tchiziyo pakhonde, monga timachitira ndi ufa. Pofika masana linali phala.

Ndinati basi, mkamwini ntchito yatha, tonse atikweza ndege kutibweza kwathu. Ndinakokolola, n'kubwezera m'katoni.

Bambo ako pobwera, kutsegula katoni: "Amayi, chachitika n'chiyani?"

"Wasungunukira m'vani yanuyo, bambo a Tadala."

Alimi anakhulupirira. Anachititsa msonkhano, n'kugwirizana kuti tchizi aziyenda m'bandakucha basi. Mpaka lero bambo ako amadzuka kukadali mdima chifukwa cha ine. Akayasamula patebulo, ine ndimangoyang'ana pansi.