Kalipentala Akugona kwa Anesi

Anthu amangowatchula kuti Mayi Saluni, ngakhale saluniyo ndi khonde chabe, lokhala ndi mpando, galasi long'aluka pakona ndi kabeseni ka zipeso. Anayamba kuluka tsitsi ali mtsikana, ndipo zala zawo zimathamanga kuposa pakamwa pawo, zomwe amene anawamvapo akulankhula sangakhulupirire. Mwana wawo wobereka alibe. Amalera kamtsikana ka kupulayimale, ka malemu mkulu wawo. Amuna awo ndi kalipentala, ndipo nsanje ya Mayi Saluni aliyense amaidziwa. Kasitomala akatalikitsa moni kwa bambowo, amamuluka mothina mpaka misozi.

Apolisi anadzatenga kalipentalayo aphunzitsi ataona mwana uja dzanja litatupa, kumsana kuli mikwingwirima. Bambowo anati mwanayo anagwa pamulu wa matabwa. Mayi Saluni anakhulupirira, poti tsikulo anali kokaoda mankhwala a tsitsi, ndipo mwanayo atamufunsa anangoyang'ana pansi.

Kukhoti anapita atatchena, poganiza kuti belo ndiye kutha kwa mlandu, abwerako awiri. Koma woweruza anati mlandu ukadalipo, ndipo woganiziridwa kuti wavulaza mwana sangatuluke n'kukagona nyumba imodzi ndi mwanayo, kapena kulankhula ndi mboni. Pafunika womuimirira wokhala kwina, woti amusunge n'kumaonetsetsa kuti akubwera kukhoti. Mayi Saluni anakweza dzanja, kalaliki n'kuwanong'oneza kuti atsitse, iwo ndi mboni. Abale a bambowo onse anali kalikiliki kuyang'ana nsapato zawo. Kenako kumbuyo kunaimirira munthu wa yunifolomu yoyera. Anali anesi, mkazi woyamba wa kalipentala, amene anasiyana naye kalekale.

"Ndi bambo a ana anga," anatero anesiwo. "Chipinda cha alendo chilipo."

Mawu amenewo anawasowetsa mtendere Mayi Saluni. Makasitomala nawo sanathandize. Wina anati wawaona bambowo akukonza geti la anesi ali chivulire. Wina anati koma anenepa, masaya achita kusalala, n'kufunsa ngati ndi mavitamini akuchipatala. Ameneyu anapita kwawo atalukidwa mothina, nsidze zitakwera m'mwamba. Anesi eniakewo anaimba foni.

"Asisi, tumizani zovala zawo. Ndatopa kuchapa malaya amodzimodzi."

"Mukuwachapiranso?"

"Nanga azinunkha m'nyumba mwanga?"

Ndiye alamu awo, mng'ono wa kalipentala, atabwera ndi nzeru, anapeza khutu lili lotseguka kale. Anati loya wanena kuti mwanayo akapita kukakhala kwa achibale akutali, atha kupempha khoti kuti bambo abwerere kunyumba. Nkhani ndi ya denga limodzi basi. Mayi Saluni sanafunse zambiri. Anatsitsa chikwama chachikulu, n'kupindamo yunifolomu yasukulu, madiresi ndi nsapato za mwanayo.

Koma sakanalola kuti kumene akupitako akanene kuti mwana wa kusaluni wabwera mutu uli nyankhalala. Anamukhazika pansi pakati pa mawondo awo, ndipo anazindikira kuti papita nthawi asanaugwire mutu umenewu. Makasitomala ndiwo ankatsogola, mwanayo ankangomanga kaduku n'kumapita kusukulu. Anagawa tsitsi ndi kumchira kwa chipeso, chipeso n'kukodwa. Panali chipsera. Anagawa mzere wina, n'kupeza china chakale chouma, kenako chinanso pafupi ndi khutu chosapola bwino.

"Apanso unagwa pamatabwa?"



"Mumakhala mwapita kokaoda, amayi," anatero mwanayo motsitsa mawu.

Mayi Saluni anamaliza kuluka, mofewa kuposa mmene analukirapo munthu aliyense. Atatero anakhuthulira chikwama chija pabedi, n'kuikamo mathalauza, malaya ndi jekete ya kalipentala. Kwa alamu anatumiza mawu akuti mwana sakupita kulikonse, zotsalazo akanena yekha kukhoti, iwo ali pambali pake.

Chikwamacho anachinyamula okha mpaka pageti la anesi. Linali lokonzedwa bwinodi, silinalire n'komwe politsegula. Kuseri kwa nyumba kunkamveka macheka, ndipo mtima wawo unawawa chimodzimodzi ngati tsiku la kukhoti lija, mwina kuposa. Anesi anatsegula zipi, n'kusanthula.

"Nanga malaya abuluu aja? Amawafunsa daily... tsiku lililonse."

"Anapsa ndi simbi," anatero Mayi Saluni, n'kutembenuka.

Sanapse ayi. Ndi malaya amene anawagulira okha, amene bambowo akavala ngakhale agogo amacheuka. Mlandu sunazengedwebe, kalipentala akugonabe kwa anesi, ndipo kamtsikana kaja kamapita kusukulu kopanda duku. Malayawo ali pakhonde la saluni, amapukutira galasi.