Dzanja Lothokozera Apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mazira. Amuna anga, mphunzitsi, atawasamutsa kuchoka kwathu ku Ntcheu kubwera ku Chitipa, ndinkagulitsa mazira pachipatala china chaching'ono. Sisitala wa pamenepo, a Kaonga, anandiona ndikukolopa pamene ndinaswera dzira, n'kundifunsa ngati ndili ndi khadi la chipani. Nthawi ya Kamuzu khadi silinkachoka m'chikwama. Lolemba lake ndinayamba monga wothandiza mu wodi ya ana.

Mu wodimo munali Lusekelo, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri wochokera ku Misuku. Anali wowonda, khungu lake lamcheremchere, ndipo m'chifuwa munkadzaza makhololo olimba ngati ulimbo. Sichinali TB. A dokotala ankaganiza kuti ndi matenda obadwa nawo, ndipo anati makhololowo akapanda kutuluka tsiku ndi tsiku, mwanayo adzabanika.

A Sisitala anandiphunzitsa kuwatulutsa. M'mawa asanadye, tinkamukoketsa nthunzi ya m'beseni. Kenako njerwa ziwiri pansi pa miyendo ya bedi kuti mutu utsike, mwana chammbali, thaulo pamsana, kambale pafupi. Ukatero umagunda pa nthiti, kupewa fupa la msana ndi pa impso, iye n'kupuma mozama ndi kutsokomola. Ine ndinayamba ndi dzanja lotambasula.

"Mai Phiri, limenelo ndi khofi," anatero a Sisitala. "Fumbatani dzanja ngati mukuthokoza apongozi. Lizilira phu, phu."

Vuto langa linali kudzitama ndi Chitumbuka chimene sindinkachidziwa. Ndinafunsa wophika kuti kugunda amati chiyani, iye anati "kutimba". Sanandiuze kuti ndi liwu lomwelo la kumenya.

Tsiku lina bambo ake a Lusekelo, a Sichali, mlimi wa khofi, anatsika kuphiri kudzamuona. Anapeza mwana wawo mutu uli pansi, misozi ili mbwee, mlendo akumugunda.

"Mukuchita vichi, mama?" anafunsa.

Ine ndi kumwetulira konse ndinati, "Nikumutimba, dada."

Kalanga ine. Bambowo anamunyamula mwanayo n'kuuza akazi awo, amene ankadikirira mwanayo mu wodimo, kuti amange katundu. Ati anabweretsa mwana kudzalandira mankhwala, osati kudzamenyedwa. A Sisitala anali atapita ku sikelo kumudzi, woti n'kundimasulira panalibe. Lusekelo anali akupuma molira, milomo itayamba kuda, ndipo kwawo unali ulendo wokwera mapiri. Ndinachita mantha kwambiri, ndinadziwa kuti akatuluka choncho sakafika.

Mawu anandithera. Ndinagwada pakhomo la wodi, ndikufumbata manja, n'kuwaombera a Sichali monga timachitira kwathu: phu, phu, phu. Anaima. Ndinawaonetsa dzanja langa lili chifumbatire, ndikuliika pamkono pawo, n'kugunda chimodzimodzi. Kenako ndinalitambasula n'kudzimenya nalo ndekha pantchafu, phwa. Anayang'ana akazi awo. Mayiwo ndi amene anayamba kuseka.

"Si kutimba uku," anatero mayiwo, akuuza amuna awo. "Akumuwombera m'manja."

Anamubweza pabedi. Ndinagwira dzanja la a Sichali, louma ndi khasu, n'kulifumbatitsa. Anagunda okha, mwamantha poyamba, mpaka Lusekelo anatsokomola chimakhololo chimene chinandikanika ine sabata yonse. Mpweya unalowa, tonse tinaumva. Bambowo anangoti, "Yewo, mama," maso ali m'kambale.

Kuyambira pamenepo sindinagundenso mwana ndisanagunde kaye mkono wa kholo lake, ndipo liwu lachilendo ndinkalifunsa kwa anthu awiri. Matendawo sanathe, sindinama. Koma makolowo anapita kwawo akudziwa chochita m'mawa ndi madzulo. Patapita zaka zitatu Lusekelo anabwera kudzapimidwa atavala yunifolomu ya sukulu. Ndinamufunsa kuti amamugunda ndani kunyumba.

"Adada," anayankha. "Amati akundithokoza."